Gitala ili m'phazi ndi m'dzanja lamanja: malangizo ophunzirira biti

Tsiku lina tikukonzekera kukaimba paukwati, mdala amene ankatiimbira dramu anaimitsa nyimbo pakati, naika timitengo take pantchafu, nandiyang'ana. "Achimwene, makodi mukuwadziwa, sindikukana. Koma mukuthamangira kuti? Mwasiya nsima pamoto?" Anthu onse anafa nalo phwete. Ine ndinali nditatha zaka ziwiri ndikutupitsa zala zakumanzere pofunafuna makodi ovuta (kodi ndi kadinidwe ka nsambo zingapo kuti zilirire limodzi), koma dzanja lamanja ndinali ndisanaliphunzitsepo kanthu. Linkangodziyendera ngati mbuzi yopanda chingwe.

Vuto limeneli lili ndi ambiri amene tinaphunzira gitala patokha. Timaganiza kuti luso lili kudzanja lodina nsambo, pomwe anthu ovina samva n'komwe ngati mwadina C wamba kapena C wokometsera. Chimene amamva ndi nthawi imene dzanja lokhwatcha lafika pansambo. Ndipo chimene chimasiyanitsa rege ndi kwela, kapena rumba ndi nyimbo za ng'oma zakwathu, nthawi zambiri si makodi ayi. Makodi atatu omwewo, C, F ndi G, amakwanira zonsezi. Chimasintha ndi malo amene dzanja lamanja likugwera. Amanzere, pamene ndikunena lamanja inu muziti lamanzere, tisakangane.

Yambani ndi kutseka pakamwa pa gitala

Sabata yoyamba musadine kodi iliyonse. (Ndikati "kodi" sindikufunsa funso, ndikunena zija timadinazi.) Gonekani zala zakumanzere pamwamba pa nsambo zonse mosakanikiza, kuti mukakhwatcha gitala izingoti tchaka tchaka ngati chisekese. Mukatero mwachotsa pobisalira. Palibenso mawu okoma oti aphimbe kulakwitsa kwanu.

Pondani phazi pansi mofanana, mukuwerenga mokweza: 1, 2, 3, 4. Phazi likamatsika, dzanja litsike. Phazi likamakwera, dzanja likwere, ndipo pokwerapo muziti "ndi". Ndiye kuti muziwerenga 1 ndi 2 ndi 3 ndi 4 ndi. Lamulo ndi limodzi basi: dzanja lisaime. Onani mayi akamasinja. Musi sudikira m'mwamba kuti aganize kaye. Umakwera, umatsika, ndipo akakhala awiri pamtondo umodzi wina akaphonya nthawi misi imawombana. Dzanja lanu ndi musi umenewo.

Zikakhazikika, yambani kudumpha zina. Dzanja lizipitabe pansi ndi m'mwamba monga kale, koma pena lizidutsa m'malere osakhudza nsambo. Yesani kuti pa 3 lidutse osagunda: 1 ndi 2 ndi, phee, ndi 4 ndi. Ophunzira ambiri apa amaimitsa dzanja kudikira kuti mpata udutse, kenako amabwerera mochedwa kapena mofulumira. Musaimitse. Kakhwatchidwe kalikonse kamene mudzaphunzire m'tsogolo kadzachokera pamenepa: dzanja loyenda osalekeza, inu n'kumangosankha pogunda ndi posagunda.

Kugwedezako kuzichokera pamfundo ya dzanja, osati paphewa. Mukamva mkono ukuuma kapena kutentha, pumulani. Kapulasitiki kokhwatchira musakafinye ngati ndalama yomaliza; kaya n'kogula kaya munadula kuchigubu, kagwireni moti wina atakakoka kangachoke.

Pezani mboni yosanama

Phazi lanu limanama. Likafika povuta limachedwa kukudikirirani, pokoma limathamanga nanu limodzi. Mufunika chinthu chopanda chisoni, ndipo chimenecho ndi metronomu, kachipangizo kolira ke, ke, ke mofanana pa liwiro limene mwasankha. Zaulere zilipo zambiri zoika pafoni, ngakhale kulemba mawu oti metronome pa Google kumakutulutsirani ina pompo. Ngati foni yathima chifukwa magetsi apita, wotchi yapakhoma ija imati ke, ke, ke imagunda ka 60 pamphindi, liwiro labwino kwambiri loyambira.

Ikani pa 60. Mudzaona ngati mwanyozedwa, chifukwa n'pang'onopang'ono zedi. Koma kuimba mwachifatse n'kovuta kuposa kuthamanga, pakuti mpata wa pakati pa kugunda kuwiri umakula ndipo mumayenera kuusunga nokha m'thupi. Chizindikiro choti mwalondola n'chodabwitsa: mukagunda pa nthawi yeniyeni, kulira kwa metronomu kumasowa, kumamira m'mawu a gitala. Mukamakumva bwinobwino pambali, ndiye kuti mwatsogola kapena mwatsalira. Mukatha mphindi ziwiri osaphonya, onjezani 4 kapena 5. Osalumpha kuchoka pa 60 kufika pa 100 chifukwa choti lero mwadzuka bwino.

Kenako ichepetseni ntchito mboniyo. Ikani pa 40, koma muziyesa kuti kulira kulikonse ndi 2 ndi 4, pomwe 1 ndi 3 mukusunga nokha. Mukuimba pa liwiro la 80 tsopano, koma theka la ntchito lili pa inu. Masiku oyamba mutu umazungulira, kulira kuja kumangosanduka 1 mobwerezabwereza. Yambani n'kuwerenga pakamwa popanda gitala: ikalira nenani "2", ikaliranso nenani "4", kenako mulowetse 1 ndi 3 m'mipata.

Ndipo dzijambuleni pafoni. Ine nditadzimvera koyamba ndinafuna kukana kuti si ine. Pamene ndinkasintha kuchoka pa C kupita pa F panali kabowo kakang'ono, nthawi zonse, ngati munthu wotsimphina. Mankhwala ake ndi awa: nyamukani msanga. Pa "ndi" womaliza uja, wa pambuyo pa 4, tukulani zala muyambe ulendo, dzanja lamanja likhwatche nsambo zosadina mopepuka. Palibe adzamve. Chimene aliyense amamva ndi 1 wofika mochedwa.

Nsima, chimanga, chitumbuwa

Kugunda kumodzi kwa phazi kungagawidwe pawiri, patatu kapena panayi. Kuti zisakhale masamu, ine ndimagwiritsa ntchito mawu a kukhitchini. Nsi-ma ndi pawiri. Chi-ma-nga ndi patatu. Chi-tu-mbu-wa ndi panayi. Phazi liziponda pa chiyambi cha liwu lililonse.

Chenjezo limodzi. Chichewa chathu chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: timati chimaanga, chitumbuuwa. Pano musakoke. Nenani mouma, maphatikizo onse ofanana kutalika, ngati mwana wa Sitandade 1 akuwerenga pabolodi. Ikani metronomu pa 60, nenani nsima kanayi, chimanga kanayi, chitumbuwa kanayi, n'kubwereranso, phazi osasintha. Pakamwa pakatha, dzanja litsatire pansambo zotseka zija. Chimene pakamwa palephera kunena, dzanja silingachiimbe.

Tsopano tikhoza kutsegula gitala. Kuwonjezera pa makodi a kumutu kwa gitala amene mukuwadziwa kale, phunzirani timakodi titatu iti ta nsambo zitatu zing'onozing'ono, kuwerenga kuyambira nsambo yachitatu, yachiwiri, n'kumalizira yoyamba yopyapyala ija. C ndi mafureti 9, 8, 8 (mafureti ndi timipata ta pakhosi pa gitala tija, kuwerenga kuyambira kumutu). F ndi 10, 10, 8. G ndi 7, 8, 7. Timakodi timeneti tili pafupipafupi moti dzanja silisuntha, choncho maganizo onse apita kumanja.

Rege: kuphunzira kukhala chete

Yambani ndi rege chifukwa ili m'makutu mwathu kale. Aliyense amene anakulira pa wailesi m'zaka za m'ma 1990 anamva kaimbidwe ka ku Balaka, kamene Alleluya Band inathandiza kufalitsa, ndipo ku Chileka rege ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Koma kuizolowera m'khutu si kuidziwa m'dzanja.

Werengani 1, 2, 3, 4. Gundani pa 2 ndi pa 4 pokha, motsitsa, mwachidule: tchak. Chinsinsi chili kumanzere. Mukangogunda, masulani zala pomwepo osazichotsa pansambo, kuti mawu aduke. Mukasiya kodi ikulira mpaka pa 3 mwaononga, chifukwa m'rege ya mtundu wa one drop pa 3 ndi pamene dramu yaikulu imagwera, ndipo pa 1 pamasiyidwa mpata. Malo amenewo si anu. Ntchito yanu yaikulu ndi kusaimba, ndipo n'zovuta kuposa mmene zikumvekera, makamaka kwa ife okonda kumveka. Mukakhazikika, onjezani kakukweza kopepuka pambuyo pa kugunda kuja kuti zimveke tcha-ka. Metronomu ija ya pa 2 ndi 4 apa ndiye kwawo.

Kwela: chimanga chobooka pakati

Kwela inabadwira m'makwalala a ku South Africa m'zaka za m'ma 1950, anyamata akuliza timatoliro tachitsulo, ndipo inafika kuno kudzera m'malekodi ndi anthu obwera ku Joni. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaitenga n'kuipatsa fungo lakwathu, mpaka anakaimba nayo ku Ulaya. Kwa wophunzira gitala, kwela ndi sukulu ya kadumphidwe.

Tengani chi-ma-nga muchotse "ma". Mutsala ndi chi, kampata, nga. Tsitsani dzanja pa "chi", kwezani pa "nga". Kutsitsa kumakhala kwakutali, kukweza kwakufupi, ngati munthu woyenda monyada. Makodi azizungulira motere: C, F, C, G7, iliyonse kugunda kunayi, osaima, osapita kwina. Tsindikani pang'ono pa 2 ndi 4. Ngati mukamvera zimene mwajambula zikumveka ngati asilikali akuguba, ndiye kuti mwabwerera ku nsi-ma, chimanga chathawa. Tsitsani liwiro munenenso "ma" uja chamumtima.

Rumba: chimanga, chimanga, nsima

Nenani mawu awa mofanana: chi-ma-nga chi-ma-nga nsi-ma. Maphatikizo ndi 8, ogawidwa 3, 3, 2. Ombani m'manja pa chiyambi cha liwu lililonse, kutanthauza pa 1, pa 4 ndi pa 7, phazi likuponda pa 1 ndi pa 5. Mudzaizindikira nthawi yomweyo, chifukwa ili m'nyimbo za ku Congo, m'makolasi a kutchalitchi, ngakhale m'nyimbo zambiri za achinyamata a lero.

Pa gitala ya rumba simukhwatcha nsambo zonse. Mumatola imodzi imodzi. Dinani C uja wa 9, 8, 8, mutole motere: yachitatu, yachiwiri, yoyamba, yachitatu, yachiwiri, yoyamba, yachitatu, yoyamba. Mukatero nsambo yachitatu ikugwera pa 1, 4 ndi 7 yokha. Sinthani kupita pa F, kenako G, kenako F, n'kubwerera pa C. Kuzungulira kumeneku mukhoza kukhala nako ola lathunthu.

Magulu akuluakulu a ku Kinshasa ankaika magitala atatu: wotsogolera, wa rizimu, ndi wapakati wotchedwa mi-solo. Pa gawo lovinira lija amati sebene, aliyense amagwira kachidutswa kake kakafupi n'kumakabwereza, ndipo kukoma kumachokera pa kulukana kwa tizidutswato. Phunziro lake kwa ife n'loti kubwereza si umphawi wa luso. Dziyeseni: imbani kachidutswa kamodzi mphindi zitatu osakometsera, osasintha. Ambiri timalephera isanathe mphindi imodzi, zala zimayamba kuyabwa.

Sungura ya ku Zimbabwe ndi kalindula ya ku Zambia muzisiye kaye mpaka izi zitakhazikika. N'zothamanga, ndipo besi ndi imene imalamulira. Mukazifulumirira mudzangophunzira kuthamanga monama.

Ng'oma zakwathu: apa ndiye pakhaleni

Ichi ndi chimene chinanditengera nthawi yaitali, ndipo n'zochititsa manyazi pang'ono, chifukwa ndi chathu chomwe. Magule ambiri a kuno kwathu amayenda m'chimanga: phazi likuponda kanayi, kugunda kulikonse kugawidwa patatu, zonse pamodzi 12. A sukulu ya nyimbo amalemba 12/8. Thupi limazidziwa kuyambira tili kumsana kwa amayi, koma dzanja lozolowera 1 ndi 2 ndi limasokonezeka.

Chifukwa chake n'ichi. Mukamasinthanitsa kutsitsa ndi kukweza pa chi-ma-nga, liwu loyamba limakhala pansi, m'mwamba, pansi. Lachiwiri limayamba ndi m'mwamba. Ndiye kuti phazi likamaponda kachiwiri, dzanja likukwera. Ubongo umakana, umafuna kuti phazi ndi dzanja zizitsikira limodzi. Musaugonjere. Tsekaninso nsambo, ikani metronomu pa 50, muwerenge mpaka 12. Phazi pa 1, 4, 7, 10. Dzanja lizisinthanitsa mosalekeza. Chitani zimenezi masiku angapo mpaka kuponda pamene dzanja likukwera kusiye kukudabwitsani.

Kenako gundani potsitsa pokha, pokweza muzidutsa m'malere. Mukugunda pa 1, 3, 5, 7, 9, 11, kasanu n'kamodzi, pomwe phazi likuponda kanayi. Zimakumana pa 1 ndi pa 7 basi, kwinako chilichonse chili panjira yake. Dzanja likunena nsima, phazi likunena chimanga, nthawi imodzi. Tsiku limene izi zidzalowe mudzadziwa, chifukwa mapewa adzayamba kugwedezeka okha ndipo mudzatha kulankhula ndi munthu osaphonya.

Mukafika apo, yesani kagundidwe kamene m'maiko ambiri a kumadzulo ndi pakati pa Africa amaimba pa kachitsulo: 1, 3, 5, 6, 8, 10, 12. Taonani kukongola kwake padzanja losinthanitsa: zitatu zoyamba n'zotsitsa, zinayi zotsatira n'zokweza. Pansi, pansi, pansi, m'mwamba, m'mwamba, m'mwamba, m'mwamba. Dzanja losaima lija la sabata yoyamba ndi limene lakupulumutsani apa.

Anzathu a ku Zimbabwe anachita chinthu choyenera kuchitengera. M'zaka za m'ma 1970, oimba nyimbo za chimurenga anasamutsira kaimbidwe ka mbira pa gitala yamagetsi, akugoneka m'mbali mwa chikhatho pansambo pafupi ndi pamene zamangidwira kuti mawu azituluka afupiafupi. Nafenso tili ndi mgodi womwewo. Kukakhala chisamba, chimtali, manganje, beni kapena malipenga, pitani mukaime pafupi ndi oimba ng'oma. Musayambe ndi ng'oma yotsogolera. Mbalule ya kugule imatsatira mapazi a wovina ndipo imasinthasintha, idzangokuzunguzani. Yambani ndi m'manja mwa amayi, chifukwa ndi mmene muli msana wa nyimbo. Ombani nawo mpaka mulowe. Kenako sankhani ng'oma imodzi yobwereza zomwezomwezo, muinene pakamwa, "gu-de-de gu-de" kapena mmene mukuimvera. Kunyumba, "gu" muike pansambo zonenepa, "de" pansambo zopyapyala, pa kodi imodzi yokha. Ngati mukufuna kujambula pafoni, pemphani kaye kwa eni ake. Kubwalo la gule wamkulu makamaka, foni siitulutsidwa mwachisawawa.

Akuluakulu akale ankachita zimenezi ndi zala ziwiri zokha, chachikulu ndi chamkombaphala. Umu ndi mmene ankaimbira Jean Bosco Mwenda wa ku Katanga, amene Hugh Tracey, wosonkhanitsa nyimbo za mu Africa, anamujambula mu 1952. Chala chachikulu chimagwira ntchito ya phazi pansambo zonenepa, chamkombaphala chikuyankha pansambo zopyapyala. Ngati mumaimba nokha pakhonde popanda dramu kapena besi, njira imeneyi imasandutsa gitala imodzi kukhala gulu. Yambani ndi chala chachikulu chokha kwa sabata, pa 1, 4, 7, 10, chinacho chidzalowe pambuyo.

Kagawidwe ka nthawi

Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a Loweruka lokha. Ine ndimayamba ndi mphindi zisanu za nsambo zotseka ndi metronomu, ngakhale lero. Mphindi khumi ndimapereka ku mtundu umodzi wa nyimbo, ndipo ndimakhala nawo masabata awiri ndisanasamukire kwina. Zotsalazo ndimaimba motsatira nyimbo yojambulidwa. Nyimboyo muimvere katatu musanagwire gitala: koyamba pezani pamene phazi likuponda, kachiwiri tsatirani dramu ndi besi, kachitatu funani gitala ya rizimu, imene nthawi zambiri imabisala kumbuyo. Pa YouTube mukhoza kuchepetsa liwiro kufika pa 0.75 mawu osatsika.

Masewera amene amandithandiza kwambiri ndi awa: tengani nyimbo imodzi ya kukwaya imene mumaidziwa ngakhale mutadzutsidwa pakati pa usiku. Imbani ngati rege. Imbaninso ngati kwela, kenako ngati rumba, kenako muiike m'chimanga cha 12. Makodi ndi omwewo, mawu ndi omwewo. Pena zidzamveka zoseketsa, koma mudzaona ndi maso anu kuti zonse zikuchitikira kudzanja lamanja. Ngati mumakhala nyumba za mdadada ndipo aneba ayamba kukhosomola mokweza, lowetsani sokosi pansi pa nsambo pafupi ndi pomangira. Biti imamveka, phokoso limafa.

Metronomu sipuma mpweya, anthu amapuma. Choncho funani anzanu msanga, ngakhale mmodzi woomba m'manja kapena womenya chigubu. Kutchalitchi mudzapeza kuti mpingo umakoka nyimbo kuti ichedwe, pomwe achinyamata a kwaya amaikankha ikafika pa kolasi. Khalani pamene mungaone phazi kapena dzanja la woimba dramu, osati nkhope yake. Ndipo tsiku limene mudzasochere pakati pa nyimbo, chifukwa lidzafika ndithu, musathamangitse makodi pofuna kuwapeza anzanu. Gonekani zala pansambo monga sabata yoyamba ija, dzanja lamanja lizipitabe tchaka tchaka, mumvetsere besi mpaka ibwerere kumudzi, pa kodi yoyambira ija, mulowe pa 1 wotsatira. Mdala wa dramu uja amangokuponyerani diso limodzi, n'kupitiriza.